Buku lowerenga ndi buku lotafuna m'lamulo la ku America

Mu Ogasiti 2011, nyumba ya malamulo ya ku America inaonjezera kandime kakafupi pa lamulo loteteza ogula katundu. Kandimeko kamalongosola chimene aphungu akuchitcha buku wamba: losindikizidwa pa pepala kapena pa katoni, ndi inki kapena tona, lomangidwa mwa njira yozolowereka, ndipo lopangidwira kuwerengedwa kapena kuphunzitsa. Buku lotere safunika kulitumiza ku labotale yoima payokha kuti likayezedwe lisanagulitsidwe.

Munthu angadabwe kuti aphungu anavutikiranji kutanthauzira chinthu chimene mwana wa Sitandade 1 amachidziwa kale. Gwero lake ndi chaka cha 2007, pomwe kampani ya Mattel inaitanitsa zidole zambirimbiri zopangidwa ku China kuti zichoke pamsika, zina mwa izo chifukwa penti wake anali ndi mtovu, chitsulo chimene chimaononga ubongo wa mwana. Chaka chotsatira, pulezidenti George W. Bush anasainira lamulo la CPSIA, lokhudza katundu aliyense wopangidwira ana a zaka 12 kutsika m'munsi. Linati mtovu usapitirire magawo 600 mwa magawo 1 miliyoni, kenako 300, ndipo pofika 2011 magawo 100. Mawu oti katundu aliyensewo anakokolola ndi mabuku omwe, osindikiza ndi eni malaibulale n'kuyamba kulira.

Tikaiwerenga mofatsa ndime ya 2011 ija, tiona kuti mfundo zitatu zoyamba zikunena za zipangizo, pomwe yachinayi ikunena za cholinga cha bukulo. Koma maganizo enieni a aphungu akuonekera pa zimene anakana kuzitcha buku wamba: buku lokhala ndi zoseweretsa mwa ilo lokha, buku lopangidwira mwana wa zaka 3 kutsika m'munsi, ndi chidole chilichonse chogulitsidwira limodzi ndi buku. Ndimeyi sinatchule kamwa paliponse, komatu kamwa ndiyo yalamula zonsezi. Mwana wa zaka 8 amatenga buku ndi maso. Khanda limalinyambita, n'kuluma ngodya zake mpaka katoni kufewa. Apa aphungu anaganiza ngati mayi amene analerapo, ndipo anakhoza.

Pamene anafooka ndi pa mawu aja oti zoseweretsa mwa ilo lokha. Buku la pulasitiki losambira nalo, kapena lokhala ndi batani loimba nyimbo, palibe angakangane nalo: ndi chidole, ndipo liyeneranso kutsata malire a mankhwala ofewetsa pulasitiki otchedwa phthalates, omwe sayenera kupitirira 0.1 peresenti. Nanga buku limene zithunzi zake zimadzuka ukatsegula tsamba? Ndi pepala lokhalokha, nkhani ilimo, koma mwana amaseweretsa. Lamulo lasiya mpirawo m'manja mwa wosindikiza ndi bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu la CPSC, ndipo wosindikiza, poti kuyeza kumadya ndalama, sangalephere kukokera tanthauzo kwake.

Chinanso chimene wowerenga mothamanga angachiphonye n'chakuti ndimeyi yachotsa udindo wokayezetsa basi. Malire a mtovu sanasunthe. Buku latsopano likapezeka ndi mtovu wopyola muyezo, wopanga sangadzitchinjirize ndi dzina loti buku wamba. Aphungu anangodalira umboni woti inki ya masiku ano ilibe mtovu wodetsa nkhawa, ndiye chifukwa chake kale mu 2009 CPSC inali itanena kuti sidzalanga munthu pa mabuku wamba a ana osindikizidwa chitadutsa chaka cha 1985.

Chakacho chikutikhudza, chifukwa mabuku akale ochokera kunja amafika m'malaibulale ndi m'misika yathu. Mwana wamkulu awerenge, palibe choopsa. Koma ngati wanu akadali woika chilichonse m'kamwa, yang'anani chaka chimene bukulo linasindikizidwa musanamupatse.