Nsambo Imodzi ndi Chidendene

Ilire ng'oma! Gu, gu, gu! Ilire ndi chidendene, pakuti lero ndikutchula maina a amuna awiri amene tinkawalambalala ngati chitsa pa Old Town, tili piringupiringu kuthamangira minibasi.

A Yobu Maligwa, inu! Mwini babatoni, Msemamtengo, Mliritsawaya! Inu amene simunalowe m'sitolo kukafunsa mtengo wa gitala, koma munakatola mtengo weniweni, chikopa cha ng'ombe ndi nsambo imodzi yokha, n'kukhoma chilombo chachitali choti m'minibasi chimafuna mpando wakewake. Dzanja ili likutsetsereza kabotolo pa waya, dzanja ilo likumenya, ndipo chilombocho chimabuula ngati nkhunzi yotsekeredwa m'khola. Pamwamba pa kubuulako ndiye pamatuluka mawu anu, owonda, akuthwa, otha kuboola phokoso la makondakitala a mu Malangalanga. Tambala wa m'mphepete mwa msewu, wolira dzuwa lili paliwombo!

A Yosefe Kalekeni, inu! Mkhalapang'oma, Chidendene-sichitopa! Anzathu a zingwe zisanu ndi chimodzi amanyada, inu zinayi zinakukwanirani. Mwakhalira ng'oma ngati mpando, phazi likuigunda chambuyo, zala zikupalasa gitala ngati nkhuku pa madeya, pakamwa mukupolokoza nyimbo ya mnzanu. Munthu mmodzi, ntchito za anthu atatu, malipiro ake anali makobili a m'mbale.

Ana a chaka cha njala, inu! Munakumana mu Lilongwe mu 2002, pamene anthu kumidzi ankakumba zitsa za nthochi kuti agone atalawako kanthu. Munadzitcha Tiyese, dzina la munthu amene sakudziwa ngati mawa kupsa nsima. Mayi wina atakumvani anati dzina lanu likhale Madalitso. Mayi ameneyo ndikumuombera m'manja, anaona kale zimene ife ophunzira tinachedwa kuona.

Akamuna a ku Mtandire, Oponda-fumbi! Kuchokera kwanu kupita m'tauni munkadutsa mipanda ya njerwa ya ku Area 47, ya waya wamagetsi pamwamba, agalu akuuwa kuseri kwa geti. Apa ndiulule tchimo lathu. Ife a m'ma Area tinkakonda nyimbo za country zedi. Bwana wa ku Area 10 akutsika ku Capital Hill, magalasi atatseka, Don Williams akuyimba chapansipansi m'galimoto, iye akugwedeza mutu kumvera chisoni cha alimi a ku America. Pamenepo country yathu yeniyeni, ya mlimi wothawa njala, ya mwamuna wodandaula za banja ndi umphawi, inali itakhala pakhonde la sitolo, thukuta lili kamukamu. Tinkaponya kandalama osayang'ana nkhope.

Koma khutu limodzi linaima. Mu 2009 wojambula nyimbo Emmanuel Kamwenje anakumvani pamsewu, nakulowetsani mu situdiyo, ndipo chinabadwa chimbale cha Fungo La Nyemba, chimene munkagulitsa nokha pamanja. Kenako Neil Nayar anagwira chiwongolero cha gulu lanu, ndipo mu 2017 babatoni anawoloka malire kupita ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar. Azungu ndi Aswahili omwe, osamva ngakhale liwu limodzi la Chichewa, anavina mpaka malaya kumata pamsana.

Okwera ndege ndi chikopa cha ng'ombe, inu! Kampani ya nyimbo ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa zimbale zanu: Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022, Ma Gitala mu 2025, chaka chomwe munakaimirira ku chikondwerero cha Glastonbury. Adzukulu a banjo ya Allan Namoko, abale a kwela ya a Kachamba, munanyamula nyimbo ya m'misika osaiveka suti. Tsopano ku City Centre timati "anyamata athu", pakamwa pali mwaa, ngati kuti tinawalera ndife.

A Maligwa, kokani waya! A Kalekeni, gundani! Pa mlatho wa Lilongwe anthu akudutsabe ndi matumba a tomato pamutu, wa kabaza akuliza belu, ndipo penapake pakhonde mnyamata wina akumangirira waya pa chigubu. Gu, gu, gu!