Liwu Loti "Nyanja" ndi Wolondolera Njira wa kwa Chibisa

Kumunsi kwa mathithi a Kapichira, kumene Shire amatsika m'miyala nayamba kuyenda mwaulesi m'chigwa cha Chikwawa, ndiko kumene sitima ya David Livingstone, Ma Robert, inalekezera m'chaka cha 1859. Kuchokera kwa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamenepo, Livingstone ndi John Kirk ananyamuka wapansi kukafuna madzi amene anamva mbiri yake, amene lero tiwatcha Chilwa. Za ulendowo zili m'buku limene iye analemba ndi mng'ono wake Charles, losindikizidwa mu 1865, ndipo muli ndime imodzi imene inu amene mukaphunzitse ana chinenero chathu muyenera kuilingalira.

Alendowo anapempha kuti munthu awatsogolere ku nyanja yaikulu. Munthu anapezeka, nawapititsa m'mapiri ovuta, koma pang'onopang'ono anali kukhotera ku dambo lalitali lija limene iwo anali atalitcha Elephant Marsh chifukwa cha njovu zimene anaona kumeneko. Masakasa, mmodzi wa akulu a Amakololo amene anali pa ulendowo, anayesa kuti munthuyo ali ndi chiwembu, napempha kuti am'baye ndi mkondo. Livingstone sanalole. Pambuyo pake kunadziwika kuti chiwembu panalibe. Kwa mwini dziko uja, nyanja yaikulu inali dambo lomwelo, ndipo anali kuwatengera kumene anapempha.

Bukuli tiliyamike pa chinthu chimodzi: olemba avomera poyera kuti cholakwa chinali chawo, pakuti sanadziwe chinenero ndiponso sanadziwe dziko. Si alendo ambiri a masiku amenewo amene anavomera zotere. Koma pa zina ziwiri ine sindikhutira. Dzina la dambolo alilemba "Nyanja Mukulu", pamene ife timati nyanja yaikulu, pakuti nyanja ili m'gulu limodzi ndi nyumba ndi njira; khutu limene linamva "mukulu" liyenera kuti linali la mlendo, kapena la womasulira wa Chikololo. Chachiwiri, atapsa ndi tanthauzo lopapatiza, olembawo alumphira tsidya lina, nanena kuti liwuli lingathe kutanthauza ngakhale kamtsinje. Apa apitirira. Tili nawo mawu a madzi ochepa: khwawa, dziwe, thamanda, chithaphwi. Mtima wa liwu loti nyanja ndiwo kutambalala kwa madzi, oti bwato liyendepo, kaya ndi oima kaya oyenda, kaya muli bango ndi gumbwa.

Liwuli si lathu tokha. Ayao amati nyasa, ndipo ndi kumeneko kunachokera dzina limene Livingstone anaika pa mapu atafika ku nyanja ya Malawi mu September chaka chomwecho. Motero Lake Nyasa ndi kunena "nyanja" kawiri. Dzinalo linabala Nyasaland mu 1907, ndipo likali moyo m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Aganda amati ennyanja, ndipo John Speke anatcha madzi akulu a kumeneko Victoria Nyanza. M'Chinyarwanda, inyanja ndi imene ife tiiwonjezera liwu n'kumati nyanja yamchere. Muzu ndi umodzi wa Chibantu, koma mtundu uliwonse unaupachika pa madzi akulu amene unawadziwa.

Zoterezi zachitikanso kutali ndi ife. Arasha, Abulgaria ndi Aserbia ali ndi liwu lalifupi limene m'zilembo zawo za Cyrillic lilembedwa море, kutchula kwake pafupifupi "more", ndiye nyanja yamchere. Ndi mbale wake wa mare wa Chilatini ndi Meer wa Chijeremani. Koma kwa Adatchi, amene achita malire ndi Ajeremani, meer ndi nyanja yozingidwa ndi mtunda, ndipo m'Chingelezi chakale mere ankatha kutanthauza ngakhale dziwe. Anthu okhala m'mbali mwa Baikal, amene madzi ake alibe mchere, amamutchabe море. Mjeremani wopempha Mdatchi kuti am'tengere ku Meer angathe kusokera monga anasokerera Livingstone.

Tsono zikutikhudza bwanji ife? Buku la matanthauzo a mawu limene David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa mu 1892 linatchedwa la Chimang'anja, chinenero cha anthu a m'chigwa chomwechi ndi a kumtunda kwake. Alexander Hetherwick atalikonzanso mu 1929, linakhala la Chinyanja. Mu 1968 chinenerocho chinatchedwa Chichewa kuno kwathu, ngakhale ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lija likalipo. M'kusintha konseku, kalankhulidwe ka m'chigwa cha Shire, kamene kanali patsogolo, kanabwerera m'mbuyo, ndipo m'kalasi liwu loti nyanja latsala ndi chithunzi chimodzi: madzi obiriwira a ku Mangochi ndi ku Salima. Mwana amaloweza kuti Malawi, Chilwa, Chiuta ndi Malombe ndi nyanja, Shire ndi mtsinje, basi. Pa phunziro la mapu zimenezi n'zoona, ndipo aziloweze. Pa phunziro la chinenero n'zoperewera.

Ena mwa inu mudzatumizidwa ku Nchalo, ku Makhanga kapena ku Chiromo, ndipo ambiri a ana anu kwawo amalankhula Chimang'anja kapena Chisena. Tsiku lina mwana adzalemba m'chimangirizo kuti atate ake analawira kunyanja kukaonjola mono, pamene inu mudziwa kuti mwanayo sanafikepo ku Mangochi. Musafulumire kudula mzere wofiira. Muitaneni, mum'funse kuti madzi amenewo ali kuti, ngakulu bwanji, amawoloka ndi chiyani, ndipo agogo ake amawatcha chiyani. Mayankhowo muwalembe m'kabuku kanu pamodzi ndi dzina la mudzi, ndipo mawa lake mufunse kalasi lonse kuti madzi ayenera kukula motani kuti aleke kukhala dziwe.