Lamulo la Makalata ku England: Kodi Linateteza Ciani?

Munthu akaponya kalata m'bokosi la ku positi amaika zinthu ziwiri m'manja mwa anthu amene sawadziwa: ndarama zimene watsekera m'katimo, ngati zilipo, ndiponso mau a kumtima kwace. Lamulo labwino liyenera kusunga zonse ziwirizi. Tikayang'ana malamulo akale a Angelezi tipeza kuti anasunga ndarama ndi ukali woopsa, koma mauwo sanawasamale kwenikweni.

Tiyambe ndi ndarama. Kuyambira m'zaka za m'ma 1760, wanchito wa ku positi woba kalata yokhala ndi ndarama zapepala anali kuweruzidwa kuti anyongedwe. Acifwamba olanda matumba a makalata panjira cilango cao cinali coposa apa. M'caka ca 1791 Spence Broughton analanda thumba kwa mnyamata wonyamula makalata pakati pa Sheffield ndi Rotherham. Anamnyonga ku York mu 1792, ndipo mtembo wace anaupacika m'maunyolo pa Attercliffe Common, pafupi ndi pamene anacimwira. Unakhala pamenepo zaka zoposa 30, kuti aliyense wodutsa aone ndi kuopa.

Sitinganene kuti opanga malamulowo analibe cifukwa. Masiku amenewo amalonda anali kutumiza cuma cao m'makalata, ndipo positi yosadalirika ikadaononga malonda a dziko lonse. Koma funso ndi ili: kodi cingwe cinathetsa umbava? Iai, pakuti zaka zinapita zambiri anthu akunyongedwabe pa mlandu womwewo. Cimene cinathandiza ndi nzeru ya kayendetsedwe ka nchito. Kale makalata anali kuyenda ndi mnyamata mmodzi pakavalo, wopanda womteteza. Mu 1784 John Palmer anayambitsa ngolo zaliwiro za akavalo pakati pa Bristol ndi London, iriyonse ndi mlonda wa mfuti, ndipo acifwamba anayamba kuzengereza. Mu 1841 kunabwera makalata a rejisitala, amene wanchito aliyense wowalandira anali kusainira, kotero kuti ikasowa imodzi, wofunsidwa anali wodziwika. Cilango ca imfa pa kuba makalata cinacotsedwa mu 1835, ndipo positi siinagwe ai. M'malo mwace inakula kwambiri, makamaka Rowland Hill atatsitsa mtengo wa kalata kufika pa peni imodzi mu 1840.

Tsono tione za mau. Lamulo la m'nthawi ya Mfumukazi Anne, la mu 1711, linaletsa kutsegula kalata ya mwini, koma linasiya khomo limodzi: nduna yaikulu ya Boma ikalemba cilolezo, kalata iriyonse inkatha kutsegulidwa. Anthu wamba sanali kudziwa kuti khomo limeneli likugwira nchito kufikira caka ca 1844. Pa nthawiyo ku London kunali Giuseppe Mazzini, munthu wa ku Italy amene anathawa kwao cifukwa comenyera ufulu wa dziko lace. Iye anakayikira kuti makalata ace akucedwa dala, ndipo anayesa poika timbeu ting'onoting'ono m'kati mwace. Makalatawo pofika, timbeuto tinali titatayika. Thomas Duncombe anaitengera nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo zinadziwika kuti Sir James Graham, nduna yoona za m'dziko, ndiye analamula kuti makalatawo azitsegulidwa, nawerengedwa, namatidwanso mocenjera. Zina za m'katimo zinauzidwa kwa Boma la Austria, mdani wa Mazzini. M'caka comweco Attilio ndi Emilio Bandiera, pacibale pao, anaomberedwa pafupi ndi Cosenza atayesa kuukira, ndipo anthu ambiri ku England anakhulupirira kuti makalata aja anathandiza kuwapereka.

Graham anatukwanidwa m'manyuzipepala, koma sanaimbidwe mlandu, pakuti sanaswe lamulo. Anakhalabe pa udindo wace kufikira 1846. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wonyamula makalata wa malipiro ocepa, akatsegula kalata imodzi nacotsamo pepala la ndarama, anataya moyo wace. Nduna yotsegula makalata ambiri, nicotsamo zinsinsi zokhoza kuphetsa anthu, inangocita manyazi kwa kanthawi.

Apa ndipo pagona colakwa ca malamulo amenewa. Anayesa mtengo wa kalata ndi mapaundi okha, ngati kuti kalata yopanda ndarama iribe kanthu kobedwa. Komatu mai amene mwana wace ali kutali ku migodi adziwa kuti kalata yofika yotsegulidwa yabedwa kale, ngakhale ndarama zonse zikhale momwemo. Inu amene mudzagwira nchito m'maofesi, kumene makalata ndi mauthenga a anthu ena adzadutsa m'manja mwanu, mudzayesedwa pa zonse ziwiri. Pa ndarama adzakuyang'anirani ndi mabuku ndi masiginecha, koma pa mau a mwini kawirikawiri sipadzakhala wokuonani.