Za Nyumba za Miyala, Zoona ndi Zotsanzira

Ku England kuli dziko la zitunda lochedwa Cotswolds, kumene anthu akale analemera ndi ubweya wa nkhosa. Pansi pa nthaka yace pali mwala wa laimu, wa maonekedwe onga uci. Abusa ndi oomba nsaru anamanga nyumba zao ndi mwala umenewo, popeza ndiwo unali pafupi. Pa mudzi wa Bibury ulipobe mndandanda wa nyumba zotere, dzina lace Arlington Row, umene unamangidwa ngati caka ca 1380 ukhale mosungira ubweya, ndipo pambuyo pace unasanduka mokhala oomba nsaru.

Tiyeni tipenyetsetse mamangidwe ace. Zipupa nzocindikira, pakuti miyala siima bwino m'cipupa copyapyala. Mazenera ngaang'ono, cifukwa galasi linali la mtengo wapatali, ndipo cisanu ca kumeneko ncoopsa. Tsindwi nalonso analifolera ndi miyala yaphanthiphanthi, yaikuru kunsi, yaing'ono kunsonga. Ndipo analiimika cotsetsereka ndithu kuti mvula ithawe msanga, monga ife tidziwa kuti tsindwi la udzu likagona lidontha. Ciwalo ciri conse ca nyumbayo cinali ndi cifukwa cace.

Ndipo m'zaka za pakati pa 1915 ndi 1940 anthu acuma a ku America, pothawa utsi ndi phokoso la m'mizinda, anayamba kumanga kunja kwa mizindayo, nasirira nyumba za abusa aja. Henry Ford, wopanga magalimoto, anagula imodzi pa mudzi wa Chedworth, naiphwasula, naolotsa miyala yace pa nyanja, naimanganso ku Greenfield Village, m'dziko la Michigan, m'caka ca 1930. Ena ambiri anangotsanzira nkhope yokha. Anaimika nyumba ya matabwa, namata miyala yopyapyala kunja kwace. Anapinda timatabwa ta patsindwi kuti tioneke ngati udzu. Ena anacita kukhotetsa tsindwi dala, lioneke ngati lakalamba. Comwe mmphawi anacita cifukwa ca kusowa, wolemera anacisandutsa cokometsera. Pamenepa tikumbuka mau a akuru: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cipupa cotere cinama, pakuti cionetsa ngati cisenza nyumba, koma wosenza ndi mtengo wobisika.

Koma tisaweruze onse pamodzi. Ku Chestnut Hill, m'mphepete mwa mzinda wa Philadelphia, sing'anga wina, George Woodward, anamangitsa nyumba zambiri za mtundu uwu, ndi amisiri olemba mapulani monga Edmund Gilchrist, H. Louis Duhring ndi Robert McGoodwin. Iwo sanaitanitse mwala wa ku England ai. Anakumba mwala wa komweko, wochedwa Wissahickon schist, wotuwa ndi wonyezimira pa dzuwa, naziika nyumbazo m'magulu, zina mozinga bwalo limodzi, kuti anthu akhale ngati pamudzi. Nyumba zimenezo sizifanana maonekedwe ndi za ku Bibury, ndipo tiyesa kuti ubwino wace uli pomwepo. Amisiriwo anamvetsa lamulo la abusa aja, lakuti nyumba ituruke m'nthaka imene iimapo.

Nkhaniyi itikhudza ifenso. Munthu akaona cithunzi ca nyumba ya kutali, mtima ufuna kumanga yonga yomweyo, osafunsa ngati kumeneko kugwa mvula yonga yathu, kapena kuwala dzuwa longa lathu. Zenera laling'ono loletsa cisanu lisandutsa cipinda ng'anjo m'mwezi wa October. Sititi kuphunzira kwa alendo nkoipa. A ku Chestnut Hill anaphunzira, nacita bwino. Koma pobwereka nzeru tiyambe tafunsa cifukwa cimene mwini wace anamangira motero, ndipo tikatero tiyang'ane cimene ciri pansi pa mapazi athu, kapena mwala, kapena dothi la njerwa.