Nyali za Chubu ndi Luso la Dan Flavin

Munthu ali yense amene analowapo m'cipatala, m'sitolo kapena mu ofesi ya Boma azidziwa nyali zazitali zagalasi zija zopacikidwa kudenga, zimene zimayamba zaphethira-phethira zisanayake. Palibe amene amaziyang'ana kawiri. Koma ku America ndi ku Ulaya kuli anthu amene amayendayenda m'mafakitale otsekedwa ndi m'masukulu ogumulidwa kukatola nyali zakale zotere, nazisunga m'nyumba zao monga cuma. Tsono pali funso loyenera kuwafunsa: kodi cimene asungaco n'ciani, galasi kapena kuwala?

Kampani ya General Electric inayamba kugulitsa nyalizi m'caka ca 1938, ndipo makamu a anthu anaziona pa cionetsero cacikulu ca ku New York mu 1939. M'kati mwa chubu muli kadontho ka mercury. Magetsi akadutsamo, nthunzi ya mercury ituruka ndi kuwala kumene diso la munthu silingakuone, ndipo ufa wopakidwa m'kati mwa galasi ndiwo umasandutsa kuwalako kuti kuoneke. Wopanga akasintha ufa, mtundu wa kuwala usinthanso. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse nyalizi zinadzaza mafakitale amene anali kugwira nchito usana ndi usiku, motero zinachuka monga nyali za anchito, zochipa ndi zopanda ulemu.

Amene anazipatsa ulemu ndi Dan Flavin, wobadwira ku New York mu 1933. Ali mnyamata anaphunzira za unsembe, koma anazisiya. Pambuyo pace anakhala mlonda m'nyumba yoonetseramo zaluso yochedwa Museum of Modern Art. Pa 25 May 1963 anatenga chubu cimodzi cacikasu ca mafiti 8, nacikhomera pakhoma copendekeka, naicha nchitoyo dzina la tsiku lomwelo, naipereka kwa wosema wa ku Romania, Constantin Brancusi. Kuyambira pamenepo kufikira imfa yace mu 1996, zida zace zinali nyali za m'sitolo, za mafiti 2, 4, 6 ndi 8, m'mitundu yowerengeka imene mafakitale anali kupanga kale.

Wosema mitondo kapena woumba mbiya akamva zimenezi akhoza kuseka, nati, “Nanga luso liri pati, popeza munthuyo sanaseme kanthu?” Funsolo si lopusa, koma laphonya. Cimene Flavin anali kuumba ndi cipinda. Nyali ikaimikidwa pangodya, kuwala kwace kumadya ngodyayo mpaka munthu sazindikiranso pamene makoma akomana. Yacikasu ndi yabuluu zikayandikana, khoma loyera limabala mitundu imene mulibe m'chubu ciri conse. Munthu akakhalitsa m'cipinda ca kuwala kobiriwira, naturuka, dziko lonse liyamba laoneka lofiirira, pakuti diso latopa. Kusankha malo, utali ndi mtundu kuti zotere zicitike, imeneyo ndi nchito ya mmisiri.

Nzeru yace ioneka koposa pa nchito zimene anayamba mu 1964 pokumbukila Vladimir Tatlin, wa ku Russia, amene anakonza nsanja yaikulu yosamangidwa konse. Flavin anasanja machubu oyera monga nsanja, nazicha zikumbutso, akudziwa bwino kuti cikumbutso ceniceni cimakhala camwala, pamene cace cizima munthu akangokhudza swichi. Muli nthabwala mmenemo, muli cisoninso.

Komabe pali cinthu cimodzi cosakoma. Popeza ali yense akanatha kugula nyali zomwezo, Flavin anali kugulitsa nchito iri yonse pamodzi ndi kalata ya umboni yosainidwa ndi iye. Kalatayo ikasowa, ogula saiyesanso nchitoyo kanthu. Munthu amene anatenga cinthu ca anthu wamba anacitsekera m'nyumba za olemera ndi pepala limodzi, ndipo omtamanda ambiri amadumpha mfundo imeneyi mofulumira.

Chubu cikapsa, amaikapo cina, ndipo nchito ikhalabe yomweyo, monga ng'oma imene cikumba cace cang'ambika: akakunga cina, ng'oma ndi yomwe ija, malinga ilire monga kale. Bvuto ndi lakuti nyama yopereka cikumba iri kutha. Cifukwa ca ululu wa mercury, maiko a European Union analetsa machubu atsopano ambiri kulowa pamsika mu 2023, ndipo caka comweco maiko a pangano la Minamata anagwirizana kuti kupanga nyali zotere kuleke pofika 2027. Malo ao atengedwa ndi nyali za LED, zimene zimadya magetsi pang'ono. Cinthu cimene Flavin anacisankha cifukwa cinali pali ponse casanduka cosowa.

Apa ndipo otola nyali zakale ayenera kuweruzidwa. Amene asunga zitsulo zace, masitata, ndi kabokosi kolemera kaja kochedwa ballast kamene kamalira ngati njuci, acita bwino, pakuti popanda zimenezi mibadwo ya m'tsogolo sidzadziwa kuwala kumene kunaunikira maofesi ndi zipatala zaka zoposa 80. Koma ena amakonda cizindikiro ca kampani cosindikizidwa pagalasi, nasunga chubu m'katoni yace osaciyatsa konse, kuopa kuti cingathe. Amenewa asunga mbeu m'nkhokwe, mvula irikugwa. Inde, kuyatsa chubu ndiko kucitha. Koma cosayatsidwa ndi galasi cabe lopakidwa ufa, ndipo Flavin sakanaona luso liri lonse mwa ico.

Ku Milan, m'dziko la Italy, kuli chalichi ca Santa Maria Annunciata in Chiesa Rossa. Flavin anamaliza kukonza za nyali zace masiku owerengeka asanamwalire, ndipo zinayatsidwa mu 1997: kobiriwira ndi kwabuluu pamene pakhala anthu, kofiirira cakutsogolo, ndi kwa golide kuguwa. Mnyamata amene anasiya unsembe uja ndiye aunikira opemphera, ndipo chubu cikapsa munthu akwera makwerero kukaikapo cina.