N'chifukwa chiyani "dámelo" satheka m'Chichewa?

Mnzanga wina kuno ku Khondowe akuphunzira Chisipanishi pa foni, ndipo sabata yatha anandionetsa phunziro limene lamuzunguza mutu: alowam'malo me, te, le, nos ndi les, komanso malo awo pa mneni. Phunzirolo limafotokoza zonse kudzera m'Chingerezi, kenaka n'kumuuza kuti aloweze pamtima. Ine ndikuti njira imeneyi ikumutayitsa nthawi.

Munthu amene wakula akunena kuti "ndipatse", kapena "nipaniko" monga timamvera m'Chitumbuka pa Livingstonia pano, sasowa womuuza kuti mlowam'malo amamatirira ku mneni. Me da ndi "amandipatsa", dame ndi "ndipatse". Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chisipanishi me amasuntha: polamula amapita kumapeto kwa mneni, koma ukaletsa amabwerera, no me des. Kwathu -ndi- sachoka pamalo pake. Chimene chimasintha polamula ndi lembo lomaliza, "patsa" n'kukhala "ndipatse". Mnzangayo atamva zimenezi anangoti, "Aaa, basi?"

Komatu kufananako kuli ndi malire. Chisipanishi chimalola alowam'malo awiri pa mneni mmodzi: dámelo, me woimira wolandira, lo woimira chinthucho. Chikakhala cha munthu wachitatu le amasanduka se, ndiye timapeza dáselo. Chichewa chili ndi mpata umodzi wokha, ndipo amaulanda ndi wolandira. Tengani chiganizo chakuti "Mayi anaphikira ana nsima." Mukhoza kunena kuti "Mayi anawaphikira nsima." Yesani kulowetsa nsimayo m'mneni ana n'kuwasiya panja, "Mayi anaiphikira ana", mumva kuti chakhota. Joan Bresnan ndi Lioba Moshi anasonyeza mu 1990 kuti si ziyankhulo zonse za Chibantu zili chonchi: Chichaga cha ku Tanzania chimalola kuposa mmodzi.

Pamene ndikukanika ndi pa ziganizo ngati Le di el libro a Juan, pomwe le ndi Juan akuimira munthu mmodzi. Ifenso timatero: "Ndinamupatsa Yohane buku." Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya 1987, anati -mu- ndi mlowam'malo weniweni, ndipo dzinalo limangokhala mutu wa nkhani woima pambali. Mfundoyi imagwira bwino pa zinthu: "ndinaligula bukulo" limamvekadi ngati buku lomwe tatchula kale. Koma pa anthu, khutu langa likukana. Ndikamati "Ndamuona Yohane" sindikhala kuti Yohaneyo tinali tikumukamba kale, ayi. "Ndaona Yohane" ndiye amene amamveka woperewera, ngati ndikunena za mbuzi. Apa -mu- akuchita ngati mgwirizanitsi, ndipo chimene chikumuitana n'chakuti pamtherankhaniyo ndi munthu.

Mnzanga uja tsopano le sakumuiwala. Akulimbana ndi se lo, ndipo pamenepo Chichewa chilibe chomuthandiza nacho.