Makina 78 m'nyumba yosungira nkhuku

Pinball, 1973 ndi buku lachiwiri la Haruki Murakami, ndipo linatuluka ku Japan mu 1980. Mwiniwake sanalinyadire kwenikweni. Kwa zaka zambiri Chingerezi chake chinkagulitsidwa ku Japan kokha, m'kabuku komwe anamasulira Alfred Birnbaum, mpaka mu 2015 pamene Ted Goossen analimasuliranso. Ine ndikuona kuti mkuluyu analipeputsa buku lake. Zofooka zilimo ndithu, koma chakumapeto kuli chaputala choti ndachiwerenga katatu.

Kwa inu amene simunaionepo pinball: ndi makina ooneka ngati tebulo lopendekera, pamwamba galasi. Umaponyamo ndalama yachitsulo, kampira kachitsulo n'kuyamba kugubuduka chotsika, iwe n'kumakabweza ndi timikono totchedwa ma flipper. Magetsi kuphethira, mabelu kulira, mapointi kuchuluka. Koma kampirako kamagwera m'dzenje basi, ngakhale uli katswiri bwanji. Ukasewera bwino mphoto yake ndi gemu ina yaulere.

Wofotokoza nkhaniyi, yemwe sitiuzidwa dzina lake, amagwira ntchito yomasulira zikalata ku Tokyo. Zaka zingapo m'mbuyomo anali atatengeka ndi makina otchedwa Spaceship, a ma flipper atatu, pamalo ena amasewera ku Shinjuku. Anafika pa mapointi 165,000. Kenako malowo anatsekedwa, pamalopo n'kutsegulidwa shopu ya madonasi yogulitsa usiku wonse. Murakami sachedwapo apa, mizere yochepa watha, ndipo anachita bwino. Malo otere akamafa sipakhala mwambo wa maliro. Umangofika tsiku lina n'kupeza anthu ena akumwa khofi.

Mu 1973 mnyamatayu ayamba kusaka makina aja. Amuthandiza ndi mphunzitsi wa Chisipanishi wa pa yunivesite, munthu wodziwa mbiri ya makina a pinball ngati mmene agogo amadziwira mbiri ya mtundu. Usiku wina akwera takisi mpaka kunja kwa mzinda, ku chinyumba chozizira chomwe kale ankasungiramo nkhuku zophedwa. Fungo lake silinathe. M'menemo munthu wina wachuma wandandalika makina 78. Mnyamata alowa yekha, ayatsa switchi, onse n'kuyaka nthawi imodzi popanda wosewera ngakhale mmodzi.

Wotolera makinayo sitimuona nkhope, ndipo ndikuganiza kuti Murakami anachitira dala. Munthuyu anachita chabwino, tisaname: akanapanda iye Spaceship ikanaphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Koma chimene wasunga ndi thupi chabe. Utsi wa fodya, phokoso, anyamata odikira kuti nawo aseweretu, zonsezo sizigulika. Chinyumbacho chikuoneka ngati mochale, kuzizira kwake komwe.

Ndiye mnyamata uja aipeza Spaceship yake. Acheza nayo ngati chibwenzi chakale chomwe wakumana nacho mwadzidzidzi, makinawo n'kumayankha ngati mkazi. Ndikamafotokoza chonchi zikumveka zachibwana, eti? Pa pepala sizitero. Ndipo sasewera. Akuti safuna kuononga mapointi ake apamwamba aja. Atsanzika, azimitsa magetsi, atuluka osacheuka. Wolemba wina akanatipatsa gemu yomaliza yokhetsa misozi, ife n'kuiiwala mawa lake.

Nkhani ya otolera siithera m'buku mokha. Ku Banning, m'chigawo cha California, kunali Museum of Pinball, komwe makina mazanamazana ankayatsidwa kuti anthu asewere pa masiku oikika. Mu 2021 malowo anatsekedwa, makina opitirira 1,000 a pinball ndi a masewera ena n'kugulitsidwa pa okushoni, kumwazikira m'manyumba a otolera ena. Nditamva zimenezi ndinaganiza za chinyumba cha nkhuku chija, kuti nachonso chinali ndi tsiku lake.

Pali zondinyansa. Atsikana amapasa okhala kwa mnyamatayu alibe mayina, amawasiyanitsa ndi manambala a pa malaya awo, 208 ndi 209. Amaphika khofi, amagona, amaseka, basi. Makina a m'bukuli ali ndi mtima kuposa akazi amoyo, ndipo sindikukhulupirira kuti zonsezo zinali dala. Machaputala a mnzake uja wotchedwa Rat, wongokhala ku J's Bar akulingalira zochoka m'tauni yakwawo, amakoka miyendo. Mukawathamangira sindikuimbani mlandu.

Koma masamba oyambirira musawathamangire. M'menemo muli Naoko, mtsikana yemwe mnyamatayu ankamukonda, ndipo anamwalira. Atchulidwa pang'ono, kenako zii buku lonse. Naoko anamuuzapo za galu woyendayenda pa siteshoni ya sitima ya kwawo, ndiye mnyamatayu avala tayi, akwera sitima, n'kukakhala pa benchi kudikira galu ameneyo. Mukafika kwa makina olankhula aja, bwererani pa siteshoni imeneyi muwerengenso.